Injini ikanoka pa galimoto yaliwiro yosasinthidwa, alipire ndani?

Lamlungu lina mwezi wathawu, tikutuluka m'tchalitchi ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, mwana wa mlongo wanga anandikokera pambali nkhope ili yakugwa. "Amalume, galimoto ija yanoka." Galimotoyo ndinkaidziwa bwino. Ndi yaing'ono, ya turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wochuluka mu injini kuti ikhale yamphamvu), imodzi mwa magalimoto aja amene amachoka kufakitale atapangidwira liwiro, ndipo anaigula yatsopano ku Johannesburg atasunga ndalama zaka zambiri. Inali isanakwanitse makilomita 30,000. Akuti anali pa msewu wa ku Bulawayo, atangodutsa Norton, pamene pansi pa boneti panayamba kugogoda ngati wina akusinja, nyale yofiira ya oyilo n'kuyaka, injini n'kuthima. Mawu amene ankabwerezabwereza anali akuti, "Sindinaikhudze, amalume, ndi ya stock."

Madzulo ake nkhaniyi inagawa banja pawiri. Ena ankati kampani ingopereka injini yatsopano mawa lomwe poti walanti ilipo. Ena, makamaka akuluakulu, ankati anyamata a masiku ano amathamangitsa magalimoto ngati akuthawa moto, ndiye asadabwe. Onse ankatchula mawu omwewo, stock, kunoka, walanti, koma aliyense akumva zakezake. Mlandu wa mnyamatayu ukadali m'manja mwa oyeza ndipo sindiugamula pano. Chimene ndingathe ndi kumasula mawuwa limodzilimodzi, kuti amene zidzamugwere mawa adziwe poyambira.

Galimoto ya stock

Mawuwa amatanthauza kuti galimoto ili momwe inachokera kufakitale. Pulogalamu ya m'kompyuta yoyendetsa injini ndi yomwe ija, turbo ndi yomwe ija, ekizozi ndi paipi yolowetsa mpweya sizinasinthidwe. Kusintha wailesi kapena kumata zomata pa galasi sikukhudza nkhani ya injini. Chimene chimaichotsa m'gululi ndi chilichonse chowonjezera mphamvu, ndipo chofala kwambiri ndi chimene anyamata amati remap kapena stage 1. Munthu amalumikiza laputopu n'kuuza kompyuta kuti turbo izikankha mpweya wochuluka. Ndi ntchito ya kanthawi kochepa, yosasiya chizindikiro chooneka ndi maso. N'chifukwa chake wogula galimoto ya kaunjika akhoza kulumbira moona mtima kuti yake ndi ya stock, pamene mwini wake woyamba anaisintha kalekale.

Volkswagen itatulutsa Golf GTI yoyamba mu 1976, injini yake ya malita 1.6 inkapereka mphamvu ya mahatchi 110, ndipo anthu ankaiona ngati mphezi. Mu 2019 Mercedes-AMG inatulutsa A 45 S, ya malita 2.0 ndi masilinda anayi okha, yopereka mahatchi 421. Msinkhu wa injini wangokula pang'ono, koma katundu amene ikusenza wachuluka pafupifupi kanayi. Zili ngati njinga ya wogulitsa makala imene aiika masipoko okhuthala ndi kaliyala wowotcherera. Imasenzadi matumba anayi, koma sipoko imodzi ikamasuka wilo lonse limapindika, pamene njinga yopanda katundu ikanafika kunyumba ndi sipoko yomasukayo. Injini yaliwiro ndi yolimba kuposa injini wamba, koma kachilema kakang'ono sikabisika nthawi yaitali. Oyilo wolakwika, petulo wofooka kapena bauti imodzi yosamangidwa bwino kufakitale zimaonekera msanga.

Kunoka

Kwathu injini ikafa timangoti yanoka. Mawu amodziwa akuphimba imfa zingapo zosiyana, ndipo walanti imafuna kudziwa kuti ndi imfa iti.

Imene inabala mawuwo ndi ya ma bearing. Pisitoni iliyonse imalumikizidwa ku crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira chimene chimatumiza mphamvu ku mawilo) ndi chitsulo chotchedwa con rod, ndipo pokumana ziwirizi pali tizitsulo tofewa topindika ngati mwezi wongooneka kumene. Injini ikamayenda bwino zitsulozi sizikhudzana n'komwe, chifukwa pakati pake pamakhala oyilo wopyapyala kuposa tsitsi la m'mutu, wokankhidwa ndi pampu. Pa ma rev 6,000, kutanthauza kuzungulira maulendo 6,000 pa mphindi imodzi, crankshaft imazungulira maulendo 100 pa sekondi imodzi. Oyilo uja akasowa masekondi ochepa chabe, chitsulo chimayamba kudya chinzake, bearing imatentha n'kuphwanyika, ndipo kugogoda kumayamba. Woyendetsa akapitiriza, con rod imathyoka n'kuboola khoma la injini. Amene anakhalapo pachigayo chikuyenda chopanda girisi akulidziwa phokoso lake.

Tsono oyiloyo anasowa bwanji? Mwina anatha chifukwa mwini sankayang'ana. Mwina analimo wokwanira, koma kasefa ka paipi yomukoka m'sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, kanatsekeka ndi zinyalala. Mwina galimoto inakhota mwaliwiro nthawi yaitali, oyilo yense n'kuthawira mbali imodzi ngati madzi m'beseni lopendekeka, pampu n'kumakoka mpweya. Mwinanso bearing inachoka kufakitale ili yothina. Khutu limamva phokoso limodzimodzi pa zonsezi, koma wolipira amasiyana.

Imfa ina ndi ya pisitoni. Petulo ndi mpweya ziyenera kudikira pulagi kuti ithetheke, moto n'kufalikira mwadongosolo. Zikaphulika zokha nthawi isanakwane, pisitoni imamenyedwa pamutu ikadali panjira yokwera. Kompyuta ili ndi khutu lake lomvera kuphulika kolakwika ndipo imachepetsa mphamvu kuti iteteze injini, koma nayo ili ndi polekezera. Mainjini a turbo amakono, othira petulo molunjika m'silinda, ali ndi vuto lodabwitsa lotchedwa LSPI, limene limabwera injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Munthu ali mu giya yapamwamba, ma rev ali pansi, wafika pachikweza n'kuponda mafuta mpaka kumapeto. Kuphulika kumodzi kukhoza kuswa m'mphepete mwa pisitoni. Akatswiri anapeza kuti mankhwala ena a mu oyilo amakolezera vutoli, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 kunabwera oyilo wa mlingo wa API SN Plus, kenako mu 2020 wa API SP. Mtima umandiwawa ndikaona mwini galimoto yotere akugula oyilo wosadziwika bwino m'mbali mwa msewu chifukwa chongoona kuti nambala ya 5W-30 yafanana. Nambala imeneyo imangonena za kukhuthala kwa oyilo. Timalemba tating'ono ta kumbuyo kwa chigubu n'timene kampani idzafunse tsiku la mlandu.

Palinso imfa ya kutentha. Gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake ikapsa, madzi amalowa m'silinda, utsi woyera n'kumatuluka, madzi a m'radiyeta n'kumachepa popanda podontha. Yomaliza tonse a mu Harare timaidziwa mvula ikayamba. Magalimoto aliwiro ndi aafupi, ndipo ena amakokera mpweya pansi. Ikalowa m'chithaphwi chakuya injini imameza madzi, ndipo poti madzi sapanikizika ngati mpweya, con rod imapindika nthawi yomweyo. Imeneyo imapita kwa a inshulansi, walanti siikhudza.

Walanti

Walanti ndi lonjezo la wopanga lakuti chinthu chikawonongeka chifukwa cha chitsulo choipa kapena ntchito yolakwika ya kufakitale, mkati mwa zaka kapena makilomita otchulidwa, adzachikonza kapena kuchisintha mwaulere. Chimene chayamba kukwana pa ziwirizo ndicho chimatseka chitseko. Taganizirani mmisiri amene wakukhomerani denga n'kunena kuti likadontha zaka zitatu zisanathe mumuitane. Likadontha chifukwa anakhoma misomali molakwika, abwera ndi malata ake. Inu mukaboola kuti mudutsitse chumuni, lonjezo lake silifikako. Mtengo ukagwera padengapo, limenelo ndi gawo la inshulansi. Service plan, imene ambiri ogula ku South Africa amaisokoneza ndi walanti, ndi ndalama za oyilo, mafyuluta ndi ntchito ya sevisi zolipiriratu basi.

Kale malonjezowa anali aafupi. Ku America m'zaka za m'ma 1950 chizolowezi chinali masiku 90 kapena mamailosi 4,000. Chrysler inagwedeza msika ndi magalimoto ake a 1963 polonjeza zaka 5 kapena mamailosi 50,000 pa injini ndi giyabokosi. Koma kampani yomweyo itayamba kuika injini yake yamphamvu ya 426 Hemi m'magalimoto a pamsewu mu 1966, inangoipatsa miyezi 12 kapena mamailosi 12,000. Kukayikirana kwa wopanga galimoto yaliwiro ndi woigula kunayamba kale choncho.

Mu 1975 dziko la America linakhazikitsa lamulo la Magnuson-Moss, limene limaletsa kampani kukakamiza wogula kuti azigwiritsa ntchito masipeya ake okha kuti walanti ikhalepo. Kuti ikane kulipira, iyenera kusonyeza kuti sipeya yachilendoyo ndi imene yawononga. Ndalitchula chifukwa anyamata athu amawerenga nkhani za kumeneko pa intaneti n'kumaganiza kuti lamulolo likugwiranso ntchito pa msewu wa Samora Machel Avenue mu Harare muno, pamene mphamvu zake zimathera ku America komweko. Ku South Africa, lamulo lawo loteteza ogula limapereka miyezi 6 yobwezera katundu wachilema, ndipo malangizo a Competition Commission amene anayamba pa 1 July 2021 analola eni magalimoto kuchititsa sevisi kwa makaniko odziimira paokha walanti osatha. Kuno ku Zimbabwe tili ndi Consumer Protection Act ya 2019, imene inakhazikitsa Consumer Protection Commission ndipo imapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino.

Mawu ena awiri amayenda pafupi ndi walanti. Recall ndi pamene kampani yavomereza kuti gulu lonse la magalimoto lili ndi chilema n'kuitana eni ake. Goodwill ndi chifundo: walanti yangotha kumene, kapena mlandu sukuoneka bwino mbali yake, kampani n'kusankha kulipira gawo lina. Chifundo sachikakamiza, ndipo kawirikawiri chimagwera amene ankachititsa sevisi kwa ejenti, wogulitsa ndi kukonza magalimoto m'dzina la kampaniyo, nthawi zonse.

Fakitale nayo imalakwitsa

Akuluakulu aja amene ankati vuto ndi phazi la anyamata amve izi. Kumayambiriro kwa 2014 magalimoto awiri a Porsche 911 GT3 anapsa ku Ulaya. Kampaniyo inauza eni ake onse kuti aimike magalimoto awo, inafufuza, n'kupeza kuti bauti ya con rod inkamasuka. Inasintha mainjini a magalimoto onse 785. Ford Focus RS, ya malita 2.3, inayamba kumwa madzi ndi kutulutsa utsi woyera ikadali yatsopano, ndipo mu 2018 Ford inaitana magalimoto opangidwa kuyambira August 2015 mpaka July 2017 kuti asinthidwe gasiketi mwaulere, ena n'kusinthidwa ndi mutu womwe wa injini. Mu 2024 Toyota inaitana magalimoto a Tundra ndi Lexus LX pafupifupi 102,000 ku America chifukwa tinyenyeswa ta zitsulo tinatsalira m'mainjini popanga, ndipo inalonjeza kusintha mainjini athunthu. Tundra si galimoto ya mpikisano, koma imfa yake inali ya ma bearing yomwe ija.

Anyamata nawo amve mbali inayo. M'nkhani zonsezi chilema chinaoneka kuti chikukhudza gulu lonse la magalimoto a mtundu umodzi. Injini imodzi ikafa payokha ilibe anzake oichitira umboni, ndipo umboni wonse uyenera kuchokera m'mimba mwake.

Umboni

Galimoto ikafika kwa ejenti itakokedwa, sayamba ndi sipanala. Amayamba ndi kompyuta. Kuchokera mu 1996, pamene magalimoto ogulitsidwa ku America analamulidwa kukhala ndi polumikizira pa OBD-II, mainjini akhala akusunga kaundula wawo, ndipo a masiku ano amasunga zambiri: vuto limene linayatsa nyale, mmene injini inalili pa nthawiyo, makilomita amene galimoto inayendabe nyale ya injini itayaka, ndiponso ngati pulogalamu inalembedwanso. Makompyuta a Volkswagen ndi Audi akapeza pulogalamu yosinthidwa amaika chizindikiro cha TD1 pa nambala ya galimotoyo, ndipo kubwezeretsa pulogalamu yakale sikuchifufuta m'kaundula wa kampani. Magalimoto ambiri a Porsche amalemba nthawi iliyonse imene injini inapyola malire a ma rev, m'magulu 6 malinga ndi kukula kwa kupyolako.

Kupyola malireku kukufunika kufotokoza bwino. Ukaponda mafuta mpaka kumapeto, kompyuta imadula mphamvu pa mzere wofiira ndipo injini imapulumuka. Koma pa galimoto ya giya yamanja, munthu akafuna kulowetsa 4 dzanja n'kuphonya kulowa 2 ali pa liwiro lalikulu, mawilo ndi amene amazunguza injini, ndipo palibe kompyuta imene ingawaletse. Mavavu amagundana ndi mapisitoni. Galimotoyo ndi ya stock ndithu, mwini sananame, koma imfa imeneyo walanti siivomera.

Kenako amatsegula kabuku ka sevisi. Kali ngati kabuku ka kusikelo ka mwana: dokotala sanalipo masiku onsewo, choncho amakhulupirira madeti ndi zidindo. Sevisi imodzi yodumphidwa, kapena yochedwa kwambiri, ikhoza kukhala chifukwa chokanira, ndipo lisiti losaonetsa mlingo wa oyilo silithandiza kwenikweni.

Pomaliza amamasula injini, ndipo apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kawirikawiri mwini amasaina kuti akapezeka kuti wolakwa ndi iye, ndalama zomasulira alipira yekha. Omasulawo amajambula zithunzi, amadula fyuluta kuti aone tizitsulo timene yagwira, nthawi zina amatumiza oyilo ndi petulo kukayezedwa, n'kupereka zonse ku likulu la kampani. Pa mlandu waukulu ngati wa injini wogamula ndi likululo, ejenti ndi mthenga chabe, ndipo kukalipira mtsikana wa pakauntala sikusuntha kanthu. Mnyamata wathu ndinamuuza kuti asalole makaniko aliyense, ngakhale katswiri wa ku Gazaland, malo a amakaniko mu Harare, amene timamudalira pa magalimoto athu ena, kutsegula injiniyo ejenti asanaione. Bauti imodzi ikamasulidwa kunja, umboni wadetsedwa. Ndinamuuzanso kuti asafufute kanthu m'kompyuta, apemphe kuti yankho lililonse lilembedwe papepala ndi chifukwa chake, ndipo akakanizidwa apemphe kuti injiniya wodziimira payekha aone zitsulozo zisanatayidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga kuthamangitsa? Mabuku ambiri a walanti amakana mpikisano poyera. Koma malire a mpikisano ndi tsiku longokayesa galimoto pabwalo lothamangitsira magalimoto ngati la Donnybrook ku Harare sadziwika bwino. Mu 2022 ku America, mwini Toyota GR86 anakanizidwa walanti injini itanoka, ogamula ataona pa intaneti chithunzi cha galimotoyo ikutereretsedwa pabwalo. M'kasefa ka oyilo munapezeka zomatira zimene zinachuluka pomanga injini. Nkhani itawanda Toyota inasintha maganizo, inalipira, n'kunena kuti kupita pabwalo pakokha sikuthetsa walanti. Eni magalimoto a mtunduwu amatsutsanabe, ena akuloza zomatirazo, ena akuloza oyilo wothawira mbali imodzi pokhota.

Zimene zimavuta ku Harare

Tisanafike pa zonsezi, kuno pali funso loyambirira: kodi walantiyo inawoloka nawo boda? Walanti kawirikawiri imatsata msika umene galimoto inagulitsidwira. Magalimoto a kaunjika ochokera ku Japan, amene adzaza misewu yathu, amafika opanda lonjezo la fakitale, ndipo chimene wogula ali nacho ndi mawu a womugulitsa basi. Yogula yatsopano ku South Africa zimadalira kampani. Ena amalemekeza lonjezo lawo m'mayiko oyandikana, ena amafuna kuti galimoto ibwerere kumene inagulidwa. Kuchoka ku Harare kukafika pa boda ya South Africa ku Beitbridge kokha ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo galimoto yakufa siyenda yokha, imafuna lole ndi mapepala a kasitomu. Ngati mtunduwo sugulitsidwa kuno, ejenti akhoza kukhala ndi mtima wothandiza koma wopanda zida ndi masipeya ake.

Ndiye pali petulo. Kuyambira mu 2013 boma la Zimbabwe linalamula kuti petulo azisakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, makamaka za ku Chisumbanje ndi Triangle. Mlingo wake umakwera ndi kutsika malinga ndi nyengo yodula nzimbe, ndipo umafika pa E20, kutanthauza magawo 20 pa 100 alionse. Kwa ife a ku Malawi si zachilendo, poti fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa inayamba mu 1982. Ethanol ali ndi ubwino wake: amathandiza petulo kupirira kuphulika kolakwika kuja, chimene injini ya turbo imakonda. Koma ali ndi mphamvu yochepa pa lita imodzi, amakoka chinyezi galimoto ikaima nthawi yaitali, ndipo amafuna mapaipi ndi malabala opangidwira iye. Mabuku ambiri a magalimoto a ku Ulaya amalola mpaka E10, ndipo ambiri amafunanso petulo wa octane 95 kapena kuposa. Tsegulani kachitseko ka thanki muwerenge zimene zalembedwa mkati mwake.

Kukwera kwa mzinda wathu nako kumalowapo. Harare ili pa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imangofooka, osavulala, ndipo n'chifukwa chake ku Johannesburg amagulitsanso petulo wa 93 pamene kugombe amagulitsa 95. Ya turbo imayesetsa kubwezeretsa mphamvu yotayikayo pozungulira kwambiri, choncho imatentha kwambiri ndipo njala yake ya petulo wabwino siichepa. Opanga amayesa magalimoto awo m'malo okwera, ndiye kukweraku pakokha sikupha injini. Kumangowonjezera thumba lina pa njinga ya makala ija, makamaka mu October kukatentha.

Injini yatsopano imatanthauza chiyani

Kampani ikavomera, mwini amaganiza za injini yathunthu yotuluka m'bokosi. Nthawi zambiri sizikhala choncho. Short block ndi thunthu la injini ndi crankshaft, ma con rod ndi mapisitoni ake. Long block imawonjezera mutu, mavavu ndi camshaft. Zina zonse, monga turbo, mainjekita ndi alternator, zimasamutsidwa kuchokera ku injini yakale ngati zili bwino. Mabuku ambiri a walanti amalolanso kampani kuika injini yokonzedwanso kufakitale m'malo mwa yatsopano. Funso lofunika kufunsa ndi la zinyenyeswa. Bearing ikaphwanyika, tizitsulo timayenda ndi oyilo mpaka mu oil cooler (choziziritsa oyilo), m'mapaipi ndi mu turbo. Ukathira mowa watsopano m'mbiya yosatsuka umasasa, ndipo injini yatsopano yolumikizidwa ku oil cooler wodetsedwa imadwala matenda omwe aja. Mwini apemphe kuona pa pepala la ntchito zimene zasinthidwa ndi zimene zangotsukidwa.

Injini yatsopano kawirikawiri siyambitsanso walanti ya galimoto. Imapitiriza zaka zimene zinatsala, kapena imalandira lonjezo lalifupi la masipeya. Imafunanso kuyendetsedwa modekha makilomita oyambirira monga mmene buku lanenera. Ndipo pali nambala. Nambala ya injini ili m'buku la galimoto, choncho ikasintha pamafunika mapepala osonyeza kumene injiniyo yachokera, kuunikidwa ndi apolisi oona za kuba magalimoto, ndi kusintha buku ku Central Vehicle Registry. Wonyalanyaza zimenezi amadzazikumbukira pa boda kapena tsiku logulitsa, wogula akuyerekeza nambala ya pachitsulo ndi ya papepala.

Mafunso amene akadalipo

Ngati buku la galimoto likuti E10 koma pampu ya mumzinda ikupereka E20 molamulidwa ndi boma, injini ikafa chifukwa cha mafuta, udindo ndi wa ndani: wa mwini amene analibe kwina kogula, wa amene anamugulitsa galimoto yotere, kapena wa wopanga amene analemba chenjezo lake poyera?

Kaundula wa m'kompyuta ndi wa ndani? Kampani imawerenga zonse pogamula, pamene mwini amangomva zotsatira. Kodi ayenera kupatsidwa zolembazo kuti katswiri wake azione? Kampani nayo ili ndi funso lake loyenera kumva: ngati anthu ena amasintha pulogalamu n'kuibwezeretsa usiku woti mawa galimoto ikupita kwa ejenti, iwasiyanitse bwanji ndi oona mtima popanda kukayikira onse?

Galimoto yotsatsidwa ndi zithunzi za pabwalo la mpikisano ikafera pabwalo, kodi mwini waigwiritsa ntchito molakwika, kapena waigwiritsa ntchito imene anauzidwa kuti inapangidwira? Tsiku limodzi la ku Donnybrook lopanda wotchi ndi mphotho liwerengedwe kuti mpikisano?

Ndipo kwa ife amene timagwira ntchito dziko lina, kukhala dziko lina, kumudzi n'kukhala kwinanso, lamulo la dziko liti ndi limene limateteza wogula: la kumene ndalama zinalipiridwa kapena la kumene injini yafera? Galimoto ya mwana wa mlongo wanga ili pabwalo la ejenti sabata yachinayi tsopano. Zithunzi za ma bearing zinatumizidwa, ndipo funso limene akuyembekezera yankho lake loyamba ndi limeneli, lakuti mlandu wake ukaweruzidwire mbali iti ya mtsinje wa Limpopo, malire a Zimbabwe ndi South Africa.